Chingwe sichinaduke, koma chigongono chinkawawa: nkhani ya mnyamata wa zaka 14 ku Lusaka

Ntchito yanga ndi yomanga zingwe m'maraketi a tenisi muno mu Lusaka, ndipo ambiri amene amandibweretsera maraketi ndi a ku Kabwata, Chilenje ndi Woodlands. Nkhani iyi ndi ya mnyamata wa zaka 14 amene ndinayenda naye kuyambira mu Ogasiti 2024 mpaka mvula ya 2025 itayamba kudukiza. Ndikulembera anzanga omanga zingwe ndi aphunzitsi a ana, chifukwa mkangano umene unabuka pa mwanayu umafika pakhomo pa aliyense wa ife. Kholo likamafuna chingwe chokhalitsa, limafuna chosaduka. Koma pali zingwe zimene zimatha ntchito kalekale zisanaduke, ndipo wovutika nazo amakhala mkono wa mwana.

Mwanayo ndi zida zake

Banja lake ndi lochokera ku Katete, koma iye anabadwira momwe muno. Amasewera ndi dzanja lamanja, backhand yake (kumenya mpira wobwera kumanzere kwake) ndi ya manja awiri, ndipo pa forehand (kumenya wobwera kumanja kwake) amagwira chigwiriro chapansi kwambiri, kagwiridwe kamene aphunzitsi amati western, kuti azipesa mpira kuchokera pansi kupita m'mwamba. Kamenyedwe kotere kamadya zingwe. Zingwe zoimirira za m'raketi zimatsetsereka pa zopingasa mpira uliwonse ukafika, n'kumachekana mpaka kuduka. Sukulu ikakhala yotsegula ankaphunzira masiku asanu pa sabata, maola awiri patsiku, pa bwalo la simenti. Pa holide ya Ogasiti ankapita m'mawa ndi madzulo omwe.

Maraketi ali nawo awiri ofanana: mutu wa masikweya inchi 100, kulemera magalamu 300 popanda zingwe, zoimirira 16 ndi zopingasa 19. Felemu yake ndi youma, ya mtundu umene anyamata amaukonda chifukwa umaponya mpira patali osavutikira.

Kufikira kumayambiriro kwa 2024 ankamangitsa nayiloni wamba, ndipo ankaidula pafupipafupi moti bambo ake anafika potopa nazo. Mnzawo wina wopita ku Johannesburg anawagulira mpukutu wa mamita 200 wa poliyesita youma, yokhuthala mamilimita 1.30. Mu Epulo maraketi onse awiri anamangidwa ndi chingwechi, chokokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu 27, kwa womanga wina. Miyezi inayi inatha osaduka, bambowo n'kumauza makolo anzawo kuti apeza mankhwala.

Maganizo awo anali ndi pogwira. Poliyesita inayamba kufala pakati pa akatswiri Gustavo Kuerten atapambana mpikisano waukulu wa Roland Garros ku Paris mu 1997 ndi zingwe za poliyesita za kampani ya Luxilon, ndipo lero ambiri a iwo amasewera nayo. Chimene woonera pa TV sachilabadira n'chakuti akatswiriwo amasintha raketi kangapo m'masewero amodzi. Chingwe chawo sichikalambira m'felemu.

Chizindikiro choyamba

Ululu unabwera pambuyo. Choyamba, mu Julayi, mipira yake inayamba kupitirira mzere wakumbuyo, ngakhale ija ankaibweza mosavuta kale. Mphunzitsi wake anamuuza kuti aweramitse mutu wa raketi ndi kupesa kwambiri ndi dzanja. Kwa kanthawi zinathandiza. Holide itafika, maola n'kuwirikiza kawiri, anayamba kumva kubaya m'kati mwa chigongono, mbali yoyang'ana kuthupi, ndiponso pamfundo ya dzanja. Ankabisa, monga amachitira ana a msinkhu uwu poopa kuchotsedwa pa mpikisano. Amayi ake ndiwo anazindikira ataona kuti ndowa ya madzi akuinyamula ndi dzanja lamanzere.

Kwa ine sanabwere chifukwa cha mkono. Anatumidwa ndi mphunzitsi kuti ndimange poliyesita yomweyo pa 29, poganiza kuti chingwe cholimba kwambiri chibweza mipira m'bwalo. Za mkono ndinazimva nditamufunsa za bandeji imene anamanga. "Palibe kanthu, ankolo, pamangobaya ndikamenya forehand."

Zimene ndinapeza

Poonera patali zingwe zinali bwinobwino. Koma ndikakankhira pambali choimirira chimodzi chapakati n'kuchisiya, chinkangokhala pomwepo osabwerera. Pamphambano zonse za pakati pa raketi panali pochekeka mozama, modzaza fumbi lofiira la mphepo ya Ogasiti. Poliyesita yatsopano imazunguza mpira chifukwa ndi yoterera: mpira ukafika zoimirira zimasuntha, n'kubwerera msanga mpirawo usanachoke. Zikachekana mpaka kutsekerana, kubwererako kumatha, ndipo topspin (kuzungulira kwa mpira chakutsogolo, kumene kumaukokera pansi) imene yatsala ndi ija wosewera akuipanga yekha ndi mkono.

Kulimba kwa zingwe ndimapima ndi pulogalamu ya pa foni ya RacquetTune, imene imamvera kulira kwa zingwe ukazigogoda n'kuwerengera potengera kukula kwa mutu ndi mtundu wa chingwe. Nambala yake sindiikhulupirira kwathunthu. Chimene imachita bwino ndi kuonetsa mmene raketi imodzimodziyo ikusinthira masiku akamapita. Komabe maraketi onse awiri anaonetsa pansi pa 17. Ngakhale foni titaikhululukira kilogalamu imodzi kapena ziwiri, chingwe chomangidwa pa 27 chinali chitataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Titawerengera ndi mwanayo, raketi iliyonse inali itasewera maola oposa 80. Omanga ambiri poliyesita timaidula ikakwana maola a pakati pa 10 ndi 20.

Apa m'pamene pamasokoneza ambiri. Chingwe chikaphwa, mpira umanyamuka mokwera n'kupita patali. Chikasiya kubwerera, mpirawo sugwera m'bwalo msanga. Koma poliyesita, ngakhale yophwa, imakhalabe chinthu chouma chosatambasuka ngati nayiloni. Choncho mnyamatayu anali ndi zoipa zonse ziwiri pamodzi, mpira wothawa ndi chingwe chosachitira chifundo mkono, ndipo ankakonza vutolo pofinya chigwiriro ndi kupotoza dzanja. Kumanga pa 29 kukanabweza mipira m'bwalo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, n'kuwonjezera kugunda kumene chigongono chinali chikulandira kale.

Palinso nkhani ya malo athu. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanjayo. Mpira umathamanga osachedwetsedwa kwambiri, umanjanja mokwera, ndipo topspin siukokera pansi monga imachitira kumalo otsika. Malamulo a ITF, bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse, amalola mipira yapadera pa malo okwera kuposa mamita 1,219. Ife tili pamwamba pang'ono pa malirewo, koma mipira imene ana amaphunzirira ndi ija wamba. N'chifukwa chake ambiri a ife tinazolowera kuwonjezera kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Chizolowezicho chinabadwa m'masiku a nayiloni, imene imatambasuka n'kumeza kugunda. Kuchitengera ku poliyesita youma, m'felemu youma, m'manja mwa mwana, n'kusenzetsa katundu pa katundu.

Chisankho choyamba: osamanga kanthu

Ndinakana kumanga pa 29, ndipo tsikulo sindinamange chilichonse. Ndinaimbira bambo ake kuti mwana akaonedwe kaye ndi a zachipatala. Womanga zingwe si dokotala, ndipo ululu wa m'kati mwa chigongono pa mwana wa zaka 14 si wosewera nawo, chifukwa fupa la pamenepo limakhala lisanamalize kukhwima. Amene anamupima anapeza kuti minyewa yomangirira pamalopo yagwira ntchito mopitirira, koma palibe chothyoka. Anamulamula kupuma kwa masabata angapo, kuchita zolimbitsa mkono, kenako kubwerera pang'onopang'ono.

Sindikunena kuti chingwe chokha ndicho chinamupweteka. Maola anawirikiza pa holide, kamenyedwe kanasinthidwa mu Julayi, ndipo mwana anali akukula. Koma kamenyedweko kanasinthidwa chifukwa cha mipira yothawa, ndipo mipira inkathawa chifukwa cha chingwe. Pa zonsezo, chimene chinali m'manja mwanga n'chingwe.

Kudula zingwe zosaduka ndiko kunavuta. Bambowo anabwera okha.

"Achimwene, chinthu chili chamoyo, inu mukufuna kuchipha ndi sizasi. Ndalama sizitoledwa pansi."

"Bambo, malegeni mukawamangirira pa njinga n'kuwasiya padzuwa miyezi inayi, amaduka?"

"Ayi."

"Nanga amagwirabe katundu?"

Anaseka, n'kundilola kudula raketi imodzi yokha. Inayo anati ikhale ya umboni. Ndinavomera, pokhapokha mwana asaigwire.

Pa nthawi yopumayo ndinaona zina. Kukula kwa chigwiriro kunali koyenera dzanja lake. Timapaipi ta pulasitiki ta m'mabowo tinali bwino kupatula tiwiri ta kumutu timene ndinasintha. Makina anga ndinawapimanso ndi sikelo ya m'manja yopimira zikwama. Ndi makina okoka ndi chitsulo cholemera, osafuna magetsi, zimene zinandipulumutsa chaka chimenecho cha chilala pamene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse. Makina otere amapitiriza kukoka chingwe chikamatambasuka, pamene aja opukusa ndi dzanja amatseka akangofika pa nambala. Choncho 24 wa makina anga amatuluka wolimbirapo kuposa 24 wa opukusa. Mwana akasintha womanga, mufunseni makina amene ankamangidwira musanatengere nambala yake.

Kuyesa zingwe

Tinagwirizana kusunga kope. Pa kumanga kulikonse ndinkalemba tsiku, mtundu wa chingwe, makilogalamu, zimene foni yaonetsa raketi ikangochoka pa makina ndiponso m'mawa mwake. Mwanayo ankalemba maola amene wasewera ndi mawu ake ake a mmene raketi ikumvekera. Sindinkamuuza chimene ndamanga. Raketi imodzi inali ndi tepi yofiira, ina yobiriwira, basi. Ana akamva dzina la chingwe cha katswiri amene amamukonda, dzanja limayamba kunama.

Atamulola kubwerera pa bwalo, kumapeto kwa Seputembala, bambo ake analola kuti raketi ya umboni ija idulidwenso. Mu yofiira ndinamanga multifilament ya 1.30 pa 24. Ichi ndi chingwe cha timaulusi tambirimbiri ta nayiloni tomatidwa pamodzi, chofewa kwambiri pa zingwe zopangidwa kufakitale. Mu yobiriwira ndinamanga nayiloni wamba ya mtima umodzi, 1.30, pa 25. Zonse ziwiri zinatsika ndi makilogalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono usiku woyamba, zimene n'zachibadwa pa chingwe chilichonse chatsopano, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono osagwa mwadzidzidzi. Mkono unali phee. M'kope analemba kuti yofiira "ikugwira mpira" ndipo yobiriwira "ikulira kwambiri koma ndikuimva".

Pamene ankamenya mopepuka, zonse zinayenda bwino. Atabwerera ku mphamvu zake zonse chakumapeto kwa Okutobala, multifilament inayamba kumera ubweya pakati n'kuduka itangokwana maola asanu ndi awiri. Nayiloni inapirira maola owonjezera ochepa, koma zoimirira zinkasuntha n'kukhala zokhota, iye n'kumaziwongola ndi zala mpira uliwonse ukatha. Pa kusunga kulimba ndi pa kumveka m'dzanja, multifilament inapambana. Pa thumba la bambo ake inalephera, chifukwa ndi yodula kuposa zinzakezo ndipo ndiyo inaduka msanga.

Chingwe chosunga kulimba kuposa zonse, chofewanso ku mkono, ndi cha matumbo a ng'ombe; a Babolat, kampani ya ku Lyon ku France, akhala akupanga zingwe za matumbo kuyambira 1875. Katswiri Roger Federer ankachiika m'zoimirira, poliyesita ya Luxilon m'zopingasa. Tinachitchula n'kuchisiya pomwepo. Mtengo wake ndi wa anthu ena, sichipezeka wambawamba, ndipo sichigwirizana ndi chinyezi, mvula ya Novembala ili pakhomo.

Pamene zinatembenukira

Bambowo anabweranso, ulendo uno atanyamula mpukutu uja. "Achimwene, uwu ukungogona m'nyumba, ine n'kumagula zingwe zoduka sabata iliyonse. Mwana wachira. Bwezeranimoni."

Ndikanakana kwamtuwagalu akanapita kwa womanga wina, mwana n'kubwerera pa 27 kwa miyezi inayi. Tinakhala pansi n'kuwerengera. Raketi imodzi imadya mamita pafupifupi 12, choncho mpukutu wa mamita 200 umamanga maraketi 16. Ukaugwiritsa m'zoimirira zokha, mamita 6 pa raketi, umafika pa maraketi oposa 30. M'zopingasa n'kuika nayiloni wamba, yotsika mtengo kuposa zonse. Ndinaika poliyesita m'zoimirira chifukwa ndizo zimatsetsereka n'kuzunguza mpira, ndiponso ndizo zinkaduka. Nayiloni m'zopingasa imafewetsa bedi lonse la zingwe. Kunena zoona, ndikanakonda poliyesita yofewerapo ya 1.25, koma imene inalipo ndi ya bambowo. Ndinaika malamulo awiri: a zachipatala avomereze kaye, ndipo ululu ukangobwerera tibwerere ku multifilament popanda kukambirana.

Nambala ndiyo inautsa mkangano ndi mphunzitsi. Ine ndinkafuna 21 m'zoimirira ndi 23 m'zopingasa. Iye anati pa 21, mu mpweya wa Lusaka, mipira izikagwera kumpanda. Tinamanga maraketi awiriwo tsiku limodzi, ina 21 ndi 23, ina 24 ndi 26, osamuuza mwana kapena mphunzitsi kuti iti ndi iti. Mphunzitsi anaima kumbuyo kwa mzere n'kumaona pogwera mipira. Sanathe kusiyanitsa. Mwanayo anasankha yobiriwira, ya 21. "Iyi ikundimvera, ankolo. Inayi ikubwezera m'dzanja." Poliyesita yatsopano pa 21 inkabweza mipira m'bwalo kuposa yakale ija yomangidwa pa 27, chifukwa zoimirira zinali zikutsetsereka n'kubwerera. Mphunzitsiyo ndi munthu womva. Anasiyanso kumuumiriza kupotoza dzanja, n'kubwezera kamenyedwe ka mkono wonse ndi chiuno.

Raketi imene inkaphwa osasewera

Masabata oyamba a Novembala, mvula isanagwe, kope linaonetsa chinthu chachilendo. Raketi yofiira, imene inasewera maola ochepa, inali itaphwa kuposa yobiriwira. Chingwe chimodzi, makina amodzi, womanga mmodzi. Ndinayamba kukayikira zopanira za makina anga, koma zinali zikugwira bwino. Yankho linachokera kwa amayi ake. Mwana ankapita kusukulu ndi raketi imodzi m'chikwama. Yapaderayo inkatsala m'buti ya galimoto ya bambo ake, imene imakhala padzuwa m'tauni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Okutobala ndi chiyambi cha Novembala ndiyo nyengo yotentha kwambiri kuno, ndipo kutentha kumafewetsa pulasitiki yokokedwa n'kuitambasula osabwereranso. Izi zinandiuzanso kuti kuphwa kwa mu Ogasiti sikunali kwa maola a pa bwalo okha. Kuyambira pamenepo maraketi onse awiri amagona m'nyumba, ndipo amawasinthanitsa tsiku ndi tsiku kuti azikalamba limodzi. Funso lakuti "raketi imakhala kuti masana?" tsopano ndimafunsa aliyense wodandaula za kuphwa, ndisanakhudze makina.

Zimene zinatsatira

Lamulo langa linali lakuti zingwe zidulidwe zikakwana maola 12, ziduke zisaduke. Ndinkadziwa kuti lamulo lotere silikhalitsa m'nyumba imene ndalama ikuwerengedwa. Chimene chinatithandiza ndi nayiloni ya m'zopingasa. Poliyesita imaidya pang'onopang'ono, ndipo mvula itayamba, mipira n'kumalemera ndi chinyezi ndi mchenga wa pa bwalo, nayiloniyo inkaduka yokha pakati pa maola 10 ndi 14. Imeneyo ndi nthawi yomweyo imene foni inkaonetsa kuti zoimirira zagwa ndipo mwana ankalemba kuti raketi "yauma". Bambo amene sakanalola sizasi pa chingwe chamoyo ankabweretsa raketi yoduka mosanyinyirika. Mwa zonse zimene ndinaphunzira pa mwanayu, ichi ndicho ndachigwiritsa kwambiri pa ana ena: sankhani chopingasa chimene chiziduka pa nthawi imene choimirira chikufa, kuti chingwe chizidziitanira chokha kwa womanga.

Njirayi ili ndi polekezera. Mu Januwale, masiku ambiri a mvula, ankasewera kwambiri awiriawiri ndi kuphunzira mipira ya pafupi ndi neti, imene sicheka zingwe. Nayiloni sinaduke, kope linaiwalika, ndipo raketi imodzi inafika maola pafupifupi 25. Pamfundo ya dzanja panayambanso kunyerenyesa. Ulendo uno mwanayo ananena yekha, osadikira kufunsidwa. Monga tinapanganirana, anabwerera ku multifilament kwa masabata awiri, a zachipatala anamuonanso, ndipo ululu unatha usanafike kuchigongono. Kuchokera apo tsiku lomangira ndimalilemba pa kapepala komata m'khosi mwa raketi, pamene amayi ake angathe kuliona popanda kutsegula kope.

Pofika mu Malichi anali akusewera mipikisano ya ana popanda bandeji, pa 21 ndi 23. Banja limawononga ndalama zambiri pa zingwe kuposa miyezi inayi ija ya poliyesita yosaduka, koma zochepa kuposa nthawi ya multifilament, ndipo gawo lalikulu ndi la ntchito ya manja anga osati la chingwe. Pa ichi ndinawatsitsira mtengo pomanga maraketi awiri nthawi imodzi.

Zatsala ziwiri zimene sitinagwirizane. Mpukutu wa bambowo ukadzatha, ine ndikufuna poliyesita yofewerapo ya 1.25, podziwa kuti iziduka msangako. Iwo akufuna womwewo, poti aujaira. Chachiwiri, mphunzitsi akuganiza zomutengera ku mipikisano ya kumalo otsika, kumene mpweya ndi wolemera ndipo mpira umachedwa. Kumeneko ndingatsitse kilogalamu imodzi m'zonse ziwiri, koma ndamuuza kuti raketi imodzi ipite yomangidwa monga mwa masiku onse, kuti mwana akasankhe yekha akamenya mipira yoyamba.